Maelekitironi a pakhungu la topological insulator: n'chifukwa chiyani amavuta kuima m'mizere?

[Wofotokoza waima pamchenga m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Ndi m'mawa, nyanja ili bata. Wanyamula chidutswa cha waya wosenda.]

Moni nonse kulikonse kumene mukutionera. Lero tili kuno ku Mangochi, ndipo nkhani yathu ndi ya fizikisi ya zinthu zolimba. Musathawe ayi, masamu ovuta sitilowamo.

Waya uyu aliyense amamudziwa. Mkati muli mkuwa, ndimo mumayenda magetsi. Kunja kuli pulasitiki, magetsi sadutsamo. Tsono asayansi anapeza gulu la miyala ya crystal imene zake zinatembenuka: mkati mwake magetsi sayenda, pakhungu pake ndiye pamayenda magetsi. Si kuti wina anapakapo chitsulo. Maatomu a mkati ndi a kunja ndi amodzimodzi. Mukaudula pakati mwalawo, mbali ziwiri zatsopanozo nazonso zimayamba kudutsitsa magetsi. Mukapala khungulo, pansi pake pamabadwa lina. Miyala imeneyi ndiyo topological insulator.

Funso lathu nali. M'zitsulo zina, kukazizira kwambiri, maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, amasiya kumwazika paliponse n'kudzisanja m'mizere yotchedwa charge-density wave, mwachidule CDW. Kodi a pakhungu la topological insulator angachitenso zomwezo? Ine funsoli limandikomera chifukwa khalidwe limene linatchukitsa khunguli ndi lomwelo limene limatsekereza mizereyo.

[Pa sikirini: timizere tiwiri topingasa, pakati pake pali mpata.]

Tiyambe ndi mkati. M'chinthu cholimba elekitironi siikhala ndi mphamvu iliyonse imene yafuna. Pali milingo yololedwa, palinso mpata woletsedwa. M'chitsulo, pamwamba penipeni pa milingo yodzaza pali milingo yopanda kanthu, choncho batire likangokankha pang'ono maelekitironi amasuntha. M'galasi kapena m'pulasitiki, milingo ya pansi ndi yodzaza thothotho, ndipo kuti elekitironi ifike pa yopanda kanthu iyenera kulumpha mpata waukulu. Mkati mwa topological insulator mulinso mpata wotere. Mu bismuth selenide mpatawo ndi pafupifupi 0.3 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya elekitironi), kuposa kakhumi mphamvu imene kutentha kwa m'nyumba kumapatsa elekitironi.

Kusiyana kwake ndi galasi kuli pa nambala ina imene amawerengera kuchokera ku kapangidwe ka mafunde a maelekitironi a mkatimo, pakuti elekitironi imayenda ngati funde. Nambalayi imakhala 0 kapena 1 basi, theka palibe, ndipo siingasinthe mpata uja usanatsekeke. Mkati mwa mwalawu ndi 1. Mumpweya wa kunja ndi 0. Pamalire pa ziwirizi nambala iyenera kuchoka pa 1 kufika pa 0, motero mpata uyenera kutsekeka pomwepo. Pamene mpata watsekeka, magetsi amayenda. N'chifukwa chake khungulo silichotseka: limabadwa paliponse pamene mwala wathera.

Charles Kane ndi Eugene Mele a ku University of Pennsylvania anayala masamu ake mu 2005. Mu 2007 gulu la Laurens Molenkamp ku Würzburg, m'dziko la Germany, linaona magetsi akuyenda m'mphepete mokha mwa kachigawo kopyapyala ka mercury telluride. Mu 2008 gulu la Zahid Hasan ku Princeton linaona khungu lotere pa mwala wosakaniza bismuth ndi antimony, ndipo mu 2009 kunabwera miyala iwiri imene tizitchula kwambiri lero, bismuth selenide ndi bismuth telluride. Wachiwiriyu si mlendo kwenikweni. Timabokosi toziziritsa zakumwa topanda gasi, tija amalumikiza ku batire la galimoto, timakhala ndi kachipangizo ka Peltier kopangidwa ndi bismuth telluride. Mainjiniya akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1950, osadziwa kuti khungu lake lili ndi zachilendo zotere.

[Kamera iloza pansi, m'madzi osaya. Mchenga wapanga mizere yotalikirana mofanana.]

Taonani mchengawu. Pena waunjikana, pena wachepa, pena waunjikana, pena wachepa, ndipo mtunda wa pakati pa mizere ndi wofanana. Ndi mafunde ndithu, koma sakuyenda ngati mafunde a mwera. Angoima. CDW ndi yotero: pena maelekitironi achuluka, pena achepa, mobwerezabwereza, mwala wonse. Kungoti mchengawu wasanjidwa ndi madzi ochokera kunja, pamene maelekitironi amadzisanja okha, ndiponso mizere yawo ndi yaing'ono zedi. Mu niobium diselenide mzere ndi mzere zimatalikirana pafupifupi nanomita imodzi, kutanthauza mizere 1 miliyoni pa milimita imodzi.

Nanga angadzisanje bwanji okha, pamene maelekitironi amakankhana? Yankho lodziwika kwambiri ndi la Rudolf Peierls, limene analemba m'buku lake la 1955, ndipo Herbert Fröhlich anali atafika pa maganizo oyandikana nawo mu 1954. Apa timvetsetsane bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

[Pa sikirini: mzere wa madontho otalikirana mofanana. Kenaka madontho ayandikana awiriawiri.]

Tengani mzere umodzi wa maatomu otalikirana mofanana, atomu iliyonse yapereka elekitironi imodzi yoyendayenda. Maelekitironi ena akupita kumanja, ena kumanzere, ndipo iliyonse imayenda ngati funde. Tsopano maatomu asunthe pang'ono, ayandikane awiriawiri. Kasanjidwe katsopanoka kamabweza funde lopita kumanja kuti lipite kumanzere, ndi lopita kumanzere kuti lipite kumanja. Mafunde awiri oyang'anizana akasakanikirana amapanga funde loima, ndipo maelekitironi amaunjikana pamene maatomu ayandikana, pamene pakuwakoka kwambiri. Mphamvu yawo imatsika, ndipo pamatseguka mpata umene kale panalibe. Kusuntha maatomu kuli ndi mtengo wake, chifukwa zomangira zawo zimakokeka. Koma Peierls anasonyeza kuti mumzere umodzi, kukazizira mokwanira, phindu la maelekitironi limaposa mtengowo. Mzere uja, umene unkadutsitsa magetsi ngati chitsulo, umasanduka wosadutsitsa magetsi. Kukatentha, kunjenjemera kwa maatomu kumafafaniza mizereyo.

Sungani mfundo iyi: njira ya Peierls imafuna kuti elekitironi yopita uku isakanikirane ndi yobwerera kumene iyo yachokera.

Izi si zam'buku chabe. M'ma 1970 John Wilson, Frank Di Salvo ndi Subhash Mahajan anaona mizereyi ku Bell Labs m'miyala ya magawomagawo. Mu niobium diselenide imayamba pa 33 kelvin, omwe ndi madigiri 240 pansi pa ziro. Mu niobium triselenide imabwera kawiri, pa 145 ndi pa 59 kelvin, ndipo mu 1976 Pierre Monceau, Nai-Phuan Ong ndi anzawo anapeza kuti mukaukankha ndi magetsi okwanira mwalawu umayamba kudutsitsa magetsi ochuluka mwadzidzidzi, zimene zinadzamveka kuti mizere yonse ija ikutsetsereka pamodzi. Wondisangalatsa ine ndi mtundu wina wa tantalum disulfide, umene maatomu ake 13 amasonkhana kupanga kanyenyezi ka nsonga zisanu ndi imodzi. Timagulu ta tinyenyezi timeneti timayamba kuoneka pansi pa 350 kelvin, pafupifupi madigiri 77. Choncho ngakhale mutauika pano mu Okutobala, dzuwa la Mangochi lili pamutu, CDW yake ikhalapobe.

[Wofotokoza agwada, ajambula mivi pamchenga wouma.]

Tibwerere pakhungu paja. Elekitironi iliyonse ndi kamaginito kakang'ono koloza kwinakwake. Khalidwe limeneli ndilo spin. Mu mkuwa, spin ilibe nazo ntchito za kumene elekitironi ikupita. Pa maelekitironi opita kumpoto mupezapo oloza uku ndi oloza uko, chimodzimodzinso opita kumwera.

Pakhungu la topological insulator si choncho. Maatomu olemera ngati bismuth amamangiriza spin ku ulendo wa elekitironi. Tinene kuti elekitironi ikupita kumpoto, cha ku Monkey Bay, ndipo spin yake yaloza kum'mawa. Ndiye kuti onse opita kumpoto aloza kum'mawa, ndipo onse opita kumwera, cha ku Liwonde, aloza kumadzulo. Wopita kumwera woloza kum'mawa kulibe pakhungupo.

Zotsatira zake n'zazikulu. Elekitironi yopita kumpoto ikagunda kachitsotso, kaya ndi atomu yachilendo kaya malo amene atomu yasowa, ikhoza kupatukira kumbali. Koma kuti ibwerere ndendende kumene yachokera, spin yake iyenera kutembenuka kwathunthu, ndipo kachitsotso kopanda maginito sikangathe kuitembenuza. Gulu la Ali Yazdani ku Princeton linatsimikizira izi mu 2009. Ili ndilo khalidwe limene linautsa chidwi cha makampani ndi mayunivesite, chifukwa kubwerera m'mbuyo kwa maelekitironi ndi gwero lina la kutentha ndi kutayika kwa magetsi m'zipangizo.

Tsopano ikani mfundo ziwirizi pamodzi. Peierls akufuna wopita kumpoto asakanikirane ndi wopita kumwera. Maatomu osuntha pang'ono aja alibe maginito, sangatembenuze spin. Mu chitsulo wamba zimenezi sizivuta, popeza mnzake wa spin yofanana amapezeka nthawi zonse kumbali inayo. Pakhungu lathuli mnzakeyo kulibe. Funde loima silipangika, mpata sutseguka, phindu palibe, ndiye maatomu alibe chifukwa chosunthira.

Chodabwitsa n'chakuti anthu anakumana ndi zimenezi dzina loti topological insulator lisanamveke. Mu 2003 Christian Ast ndi Hartmut Höchst, akugwira ntchito ku Wisconsin, analengeza kuti aona zizindikiro za CDW pakhungu la bismuth weniweni. Ganizo lawo linali ndi maziko, chifukwa maelekitironi a pakhungupo anasanjika m'njira yooneka yoyenerera bwino mizere. Mu 2005 gulu la Philip Hofmann wa ku Aarhus, m'dziko la Denmark, linayeza ndi zida zingapo zosiyana, ndipo mizereyo silinaipeze. Chifukwa chimene linapereka ndi chomwe tajambula pamchengachi: maelekitironi oyang'anizanawo spin zawo n'zosemphana.

[Pa sikirini: bwalo lozungulira likusanduka chinthu cha mbali zisanu ndi imodzi, kenaka nyenyezi.]

Koma nkhaniyi ili ndi makona. Khungu si mzere umodzi, elekitironi ikhoza kupita mbali iliyonse. Asayansi amajambula mapu a maelekitironi amene ali pamulingo wa pamwamba wa mphamvu, kusonyeza kumene iliyonse ikupita. Mapuwa amawatcha Fermi surface, ndipo amawaona ndi chida cha ARPES, chimene chimawalitsa kuwala kwamphamvu pamwala n'kugwira maelekitironi amene atuluka. Kuti njira ya Peierls igwire ntchito pakhungu, maelekitironi ambiri ayenera kupindula ndi mizere ya mtunda umodzi. Mapu akakhala ozungulira zimenezi sizitheka bwino. Akakhala ndi mbali zowongoka zoyang'anizana, ndiye zimatheka.

Mu bismuth telluride, maelekitironi a pakhungu akakhala ochepa mapu ndi ozungulira. Mukawaonjezera, mapuwo amasanduka a mbali zisanu ndi imodzi, kenaka ngati nyenyezi. Gulu la Yulin Chen ndi Zhi-Xun Shen ku Stanford linaona maonekedwe amenewa mu 2009, ndipo chaka chomwecho Liang Fu anafotokoza kuti akuchokera ku kasanjidwe ka maatomu a mwalawo. Anasonyezanso kuti spin imayamba kudzuka pang'ono, osagonanso kwathunthu pakhungu. Mbali zowongoka zoyang'anizana zilipo tsopano. Koma Fu sanathamangire CDW. Iye analoza ku m'bale wake wotchedwa spin-density wave, mmene chiwerengero cha maelekitironi chimakhala chofanana paliponse, koma spin ndiyo imasinthasintha mzere ndi mzere. Mizere yotere ili ndi maginito akeake, choncho ikhoza kulumikiza wopita kumpoto ndi wopita kumwera. Dziwani kuti Fu anaipereka ngati chinthu chotheka chofunika kuchifufuza.

Apa ndi pamene ndikufuna muchenjere ndi zithunzi za pa intaneti. Pali maikulosikopu yotchedwa STM, imene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga ku IBM ya ku Zurich mu 1981. Imayendetsa kasingano kosongoka pamwamba penipeni pa khungu, n'kumayeza kuchuluka kwa maelekitironi atomu ndi atomu. Magulu a ku Tsinghua, m'dziko la China, mu 2009 ndi ku Stanford mu 2010 atayendetsa STM pa bismuth telluride anaonadi mafunde oima okongola. Munthu wongoona chithunzicho anganene kuti nayo CDW. Si iyo.

[Kamera ilozanso m'madzi, pamene pali mwala wotuluka pamchenga.]

Onani pafupi ndi mwala uwu. Timafunde tikugunda mwala n'kubwerera, ndipo tikupanga timizere tozungulira mwalawo. Mukatalikira pang'ono timizereto tatha. Zimene anaona ku Tsinghua ndi ku Stanford zili m'gulu limeneli: maelekitironi akugunda kachitsotso kapena kasitepe ka pakhungu, n'kupatukira mbali zimene spin ikuloleza, makamaka mapu aja akasiya kuzungulira. Mafunde otere amazirala mukatalikira kachitsotsoko, ndipo mtunda wa pakati pawo umasintha mukasintha mphamvu ya magetsi a pakasingano. CDW yeniyeni imadzaza khungu lonse ngakhale pamalo oyera, mtunda wa mizere yake susintha ndi magetsi a kasingano, imabadwa mwala ukazizira kudutsa mulingo winawake n'kufa mukautenthetsanso, ndipo maatomu enieniwo amasuntha nayo. Wina akakuuzani kuti waona CDW pakhungu lotere, mufunseni zimenezi, makamaka za kuzizirazo.

Ndiye tinene kuti khomo latsekedwa? Ayi, ndipo pali zifukwa ziwiri. Choyamba, lamulo la spin limaletsa kotheratu pakati pa maelekitironi oyang'anizana ndendende okha. Pakati pa ena limangofooketsa. Chachiwiri n'chokulirapo. Mu 2008 Michelle Johannes ndi Igor Mazin anasonyeza kuti m'miyala yambiri yeniyeni, kuphatikizapo niobium diselenide, mapu owongoka aja sindiwo amabala CDW. Chimene chimabala ndi kukokana kwamphamvu kwa maelekitironi ndi kunjenjemera kwa maatomu pa mtunda winawake. Nthano ya Peierls ndi yoyera bwino mumzere umodzi, koma miyala yambiri si mzere umodzi.

Choncho ofufuza anayamba kumvetsera mmene maatomu a pakhungu amanjenjemera. Chida chabwino pa ntchitoyi n'chachilendo: amawombera khungu ndi maatomu a helium oyenda ndi mphamvu yochepa kwambiri. Helium salowa mkati mwa mwala, saononganso kanthu. Amangogunda mtambo wa maelekitironi umene uli pamwamba pa maatomu oyambirira n'kubwerera, ndiye zimene amabweretsa ndi nkhani za khungu lokha. Mu 2011 gulu la Michael El-Batanouny ku Boston University linapeza ndi njirayi kuti pa bismuth selenide kunjenjemera kwina kwa maatomu a pakhungu kumafooka kwambiri pa mtunda wogwirizana ndi maelekitironi a pakhungu aja. Kufooka kotere, kotchedwa Kohn anomaly, ndiko kumatsogolera CDW: kunjenjemerako kukafooka mpaka kuimiratu, maatomu amauma ali pamalo atsopano. Pa bismuth selenide kunafooka koma sikunaime. Mu 2019 Anton Tamtögl, Wolfgang Ernst ndi anzawo a ku Graz, m'dziko la Austria, pamodzi ndi Giorgio Benedek wa ku Milan, analengeza kuti helium wawasonyeza CDW pakhungu la antimony. Iwo anati mizereyo ikuchokera ku kulumikizana kwa timagulu tosiyana ta maelekitironi tokhala m'makona osiyana a mapu aja. Antimony payokha imadutsitsa magetsi pang'ono mkati, choncho si topological insulator yeniyeni, koma khungu lake ndi la banja lomweli.

Palinso vuto la m'labotale limene mapepala okongola satchula kawirikawiri. Bismuth selenide anapangidwa ndi timagawo ta maatomu asanu, selenium, bismuth, selenium, bismuth, selenium, kagawo kalikonse kokhuthala pafupifupi nanomita imodzi, ndipo timagawoti timamatuka ndi selotepi. Koma pokula mwalawu maatomu ena a selenium amasowa, ndipo malo osowawo amathira maelekitironi mkati. Mkati muja, mmene timati magetsi sayenda, amayamba kuyenda. Khungu nalonso likakhala pampweya limakopa maelekitironi wamba amene amasonkhana pansi pake penipeni. Ndiye munthu akaona mizere ayenera kusonyezanso kuti ndi ya maelekitironi a spin yomangirizidwa, osati ya alendowa. Ntchito imeneyi ndiyo yovuta kuposa kuona mizereyo.

[Wofotokoza akhala pa bwato lokokedwera kumtunda.]

Ena anaitembenuza nkhaniyi. M'malo mofuna CDW pakhungu la topological insulator, anafunsa kuti: nanga CDW ikabadwa mkati mwa mwala umene maelekitironi ake ali kale ndi khalidwe la topology, la banja la nambala ija ya 0 kapena 1, chingatuluke n'chiyani? Mwala umene unatchuka pa funsoli ndi wa tantalum, selenium ndi ayodini, wooneka ngati tisingano. CDW yake imayamba pa 263 kelvin, madigiri 10 okha pansi pa ziro. Firiji youmitsa chambo imazizira kuposa pamenepo.

Mu 2019 Johannes Gooth, Claudia Felser ndi anzawo a ku Max Planck Institute ya ku Dresden analemba m'magazini ya Nature kuti atatsetsereketsa mizere ya mwalawu ndi magetsi, n'kuikapo maginito oloza njira yomweyo, magetsi odutsa anachuluka. Anati ichi ndi chizindikiro chakuti mafunde a m'mizereyo akutsatira masamu a axion, kanthu kamene Frank Wilczek ndi Steven Weinberg anakaganizira mu 1978 ndipo asayansi a zakuthambo akukasakabe mpaka lero. Nkhaniyi inamveka kwambiri.

Mu 2022 gulu lina la ku Grenoble ndi ku Moscow linabwereza kuyezako pa mwala wa mtundu womwewo, m'njira yofanana, ndipo kuchuluka kwa magetsi kuja silinakupeze. Linalemba kuti n'kuthamanga kunena kuti mwalawu uli ndi axion. Mmodzi mwa olemba pepalalo anali Pierre Monceau, yemwe uja wa niobium triselenide, patapita zaka 46 kuchokera pa kuyeza kwake kwa 1976.

[Pa sikirini: zojambula ziwiri za zotsatira, cha 2019 kumanzere, cha 2022 kumanja.]